Ng'ombe zidakwera lole, nyimbo zidatsala m'njira

Dzina la Chikangawa likatchulidwa, ambiri amaona mitengo ya paini, nkhungu ya m'mamawa ndi malole a matabwa akutsetsereka pamsewu wa M1. Ena amakumbukira ngozi ya ndege ya pa 10 Juni 2024, yomwe idapha yemwe adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Za ng'ombe palibe amaziganizira.

Koma mukangotsika m'mapiri a Viphya kulowera kuboma la Mzimba, n'kupitirira kummwera cha ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda, mwafika kwawo kwa ng'ombe. Kuno ng'ombe ndiyo banki. Ndiyo imakoka ngolo ndi pulawo, ndiyo imamanga banja kudzera m'malowolo, ndipo pamaliro a munthu wamkulu siisowa. Chomwe chimaiwalika n'chakuti ng'ombe yomweyo idalinso mphunzitsi wa nyimbo.

Mnyamata wokulira ku Mzimba ankaphunzira kuimba ali kumbuyo kwa ng'ombe. Lero ng'ombe zogulitsa zimakwera lole, ana ali m'kalasi, ndipo madambo ambiri adasanduka madimba. Omwe adaimbapo nyimbo zakubusa ndi agogo tsopano, ndipo maliro aliwonse a nkhalamba akupita kumanda ndi nyimbo zingapo zomwe palibe adazilemba.

Chodabwitsa n'chakuti mabanja omwewa amakonda kwambiri nyimbo za country. Jim Reeves, Don Williams ndi Kenny Rogers akhala akumveka pawailesi, m'mabasi ndi m'magolosale kwa zaka zambiri. Onse atatuwa adabadwira ku Texas, dera la ng'ombe ku America, ndipo umodzi mwa mizu ya nyimbo zawo udachokera kwa abusa a ng'ombe a kumeneko. Nanga zidatheka bwanji kuti nyimbo za abusa a ku Texas zifike pa Jenda, pomwe za abusa a ku Jenda zikulephera kufika kwa zidzukulu zawo?

Makauboyi adali abusa aganyu

Kanema adatipatsa chithunzi chokhota cha kauboyi: munthu wachipewa chachikulu, mfuti m'chiuno, wosachedwa kuwombera. Zoona zake n'zakuti kauboyi adali mbusa waganyu.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kudali ng'ombe zankhaninkhani zosowa msika. Ng'ombe ya madola 4 kumeneko inkatha kugulidwa pa madola 40 m'mizinda ya kumpoto. Vuto lidali mtunda. Mu 1867 wamalonda wina, Joseph McCoy, adamanga makola pafupi ndi njanji m'tauni ya Abilene ku Kansas, ndipo ng'ombe zidayamba kuyenda pansi kupita kumeneko kudzera njira yotchedwa Chisholm Trail. Kuchokera kummwera kwa Texas udali ulendo wa makilomita pafupifupi 1,600. M'chaka choyambacho ng'ombe pafupifupi 35,000 zidakwera sitima pa Abilene, ndipo mu 1871 zomwe zidafika ku Kansas zidali pafupifupi 600,000.

Gulu limodzi linkakhala ndi ng'ombe 2,000 kapena 3,000 ndi abusa 10 kapena 12 okwera akavalo. Patsiku ankayenda makilomita 20 kapena kupitirirako pang'ono, kuopa kuti ng'ombe zingaonde, choncho ulendo unkatenga miyezi iwiri kapena itatu. Malipiro adali cha m'ma madola 30 pamwezi. Ambiri adali anyamata achisodzera. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati pa makauboyi anayi aliwonse mmodzi adali wakuda, ena mwa iwo atangomasulidwa kumene ku ukapolo. Enanso adali ochokera ku Mexico, komwe luso loweta ng'ombe pakavalo lidachokera.

Nyimbo idali mbali ya ntchito. Usiku ng'ombe zikagona pamtetete popanda khola, abusa awiri ankazizungulira mosinthanasinthana. Mphezi, chilombo ngakhale kuthyoka kwa kamtengo kunkatha kudzidzimutsa gulu lonse, n'kuyamba liwiro la mtondo wadooka lomwe linkapha ng'ombe ndi anthu omwe. Pofuna kupewa zimenezi, mlonda ankaimba motsitsa mawu kapena kuimba mluzu, kuti ng'ombe zidziwe kuti woyenda mumdimayo ndi munthu wawo. Nyimboyo inkathandizanso kuthamangitsa tulo.

Ankaimba za fumbi, mitsinje yosefukira, nyemba za tsiku ndi tsiku, bwana wouma mtima, bwenzi lotsala kumudzi ndi mnzawo woikidwa m'manda opanda chizindikiro. Maimbidwe ambiri ankangobwereka ku nyimbo zakale za ku Ireland, Scotland ndi England, n'kuikamo mawu awo.

Moyo umenewu sudakwane ndi zaka 25 zomwe. Njanji idafika ku Texas, alimi adatchinga minda ndi waya waminga, ndipo mu 1885 dera la Kansas lidaletsa ng'ombe za ku Texas chifukwa cha matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa. Njira zidatsekeka, makauboyi n'kubalalika.

Chomwe chidapulumutsa nyimbo zawo ndi anthu ochepa chabe. Jack Thorp, yemwenso adali woweta ng'ombe, adayamba kutolera nyimbozi mu 1889 ndipo mu 1908 adasindikiza kabuku ka nyimbo 23. John Lomax adayenda ndi makina ojambulira mawu, ndipo mu 1910 adatulutsa buku la Cowboy Songs and Other Frontier Ballads. Nyimbo ya Home on the Range, yomwe ili m'bukuli, idasankhidwa kukhala nyimbo ya dera la Kansas mu 1947. Awiriwa adafika eni nyimbo akadali moyo. Akadachedwa ndi zaka 30, akadapeza manda okhaokha.

Ulendo wathu udali wautali kuposa

Mzimba ili ndi njira yakeyake ya ng'ombe, ndipo ndi yaitali kuposa ya ku Texas. Cha m'ma 1819, Shaka atagonjetsa Andwandwe a mfumu Zwide, Zwangendaba Jere adanyamuka ndi anthu ake m'dera lomwe lero ndi KwaZulu-Natal ku South Africa. Adadutsa ku Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo mu Novembala 1835 adawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku lomwe kudachita kadamsana. Adapitirira mpaka ku Ufipa, m'dziko la Tanzania, mtunda woposa makilomita 2,000 kuchokera komwe adanyamuka. Zwangendaba adamwalira pa Mapupo cha m'ma 1848.

Mtundu utagawikana, Mpezeni adakathera ku Chipata m'dziko la Zambia, pomwe M'mbelwa adatsikira m'chigwa cha Henga m'zaka za m'ma 1850 asadakhazikike m'dera lomwe lero ndi Mzimba. Likulu la Inkosi ya Makosi M'mbelwa lili ku Edingeni mpaka pano.

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa maulendo awiriwa. Makauboyi ankapita ndi ng'ombe za bwana kumsika n'kubwerera. Angoni ankasamuka mtundu wonse, amayi, ana ndi nkhalamba, osadzabwereranso. Ndipo tisabise mawu: ng'ombe zambiri za paulendowu zidali zolanda pankhondo, ndipo anthu ambiri omwe adadzatchedwa Angoni adali Ansenga, Achewa, Atumbuka ndi ena ogwidwa m'njira. Phiri la Hora, pomwe lero pamachitikira chikondwerero, ndi pomwenso Atumbuka ambiri adaphedwa cha m'ma 1880 ataukira ulamuliro wa Angoni motsogozedwa ndi Baza Dokowe.

Ngakhale ng'ombe zenizenizo zidasintha m'njira. Za ku Mzimba lero ndi za linunda, zomwe alangizi amazitchula kuti Malawi Zebu, zosiyana ndi za mtundu wa Nguni za ku South Africa. Ku Zambia ng'ombe za linunda za kuchigawo chakummawa zimatchedwa Angoni, kutengera dzina la eni ake. Chiyankhulo nachonso chidasintha, pakuti ana ankayankhula cha amayi awo, ndipo lero ku Mzimba n'Chitumbuka. Koma m'nyimbo mawu a Chingoni adakakamira. Nkhalamba yomwe singathe kupempha madzi m'Chingoni imatha kuimba nyimbo yonse m'chiyankhulocho.

Kubusa kudali kusukulu

Mudzi wa Chingoni unkamangidwa mozungulira khola, lomwe ku Mzimba amati chibaya. Pakhomo pa chibaya ndi pomwe amuna ankakhala, kuweruza milandu ndi kulandira alendo. M'kati mwake ndi momwe ankapembedzera mizimu ya makolo ndi kuvina magule akuluakulu.

Margaret Read, mayi wa ku Britain yemwe adakhala pakati pa Angoni a m'dziko muno m'zaka za m'ma 1930, adafotokoza m'buku lake la Children of Their Fathers, la mu 1959, momwe mnyamata ankakulira. Mano a ukulu akangoyamba kumera, ankachoka m'nyumba ya amayi ake kukagona kulaweni, nyumba ya anyamata, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yake idali ziweto. Ankayamba ndi mbuzi ndi ana a ng'ombe, kenako n'kukwezedwa kukhala mbusa wa gulu lalikulu.

Kubusa kudali ndi malamulo ake. Akuluakulu pagulu ankalamula, aang'ono n'kumathamangira kokabweza ng'ombe. Kumeneko mnyamata ankaphunzira kulimbana ndi ndodo, kutchera misampha, kudziwa mitengo ya mankhwala, kuumba ng'ombe zadothi ndi kupirira njala. Ankayenera kudziwa ng'ombe iliyonse ndi dzina, mtundu wa chikopa, kapindikidwe ka nyanga ndi khalidwe lake, chifukwa madzulo bambo ankaima pakhomo pa khola osawerenga ndi manambala koma ndi maso.

Nyimbo zidabadwira m'menemo. Padali mluzu woitanira ng'ombe kumadzi ndi wina wozibwezera zikalunjika kumunda. Padali mawu otamandira nkhunzi pomwe abusa a midzi iwiri akumana padambo n'kuzisiya kuti zilimbane, ndi mawu onyogodola nkhunzi yothawa pamodzi ndi mwini wake. Padali tinyimbo tokamira mkaka, totonthoza ng'ombe kuti isaponye mwendo. Padalinso zodandaula: mame a m'mawa, chisanu cha mwezi wa Juni chotsika kuchokera ku Viphya, ndi mantha a mwana yemwe ng'ombe zake zadya chimanga cha eni ndipo akudziwa chomwe chikumudikira kumudzi. Ena ankasema zitoliro zabango kapena zansungwi.

Apa ndi pomwe mbusa wa ku Mzimba amakumana ndi mnzake wa ku Texas. Onse awiri adatulukira chinthu chimodzi popanda kuuzana: ng'ombe imazolowera mawu a munthu wake, ndipo ikawamva imadekha. Onse awiri ankaimba zomwe sakadayerekeza kunena pamaso pa mwini ng'ombe. Ndipo onse awiri sankadziyesa oimba. Mukadamufunsa mbusa kuti nyimboyo adapeka ndani, akadakudabwani.

Zomwe zidapeza pobisala

Si nyimbo zonse za Angoni zomwe zili pangozi. Zina zidapeza nyumba.

Ingoma ndi chitsanzo. Gule ameneyu kwa M'mbelwa savinira ng'oma ngakhale dzina lake likumveka choncho. Amuna amaponda pansi mwamphamvu nthawi imodzi, amayi n'kumaomba m'manja ndi kuthira mang'ombe. Yang'anitsitsani wovina ndipo muona ng'ombe paliponse: chishango n'chachikopa cha ng'ombe, ndipo bwalo lake lenileni ndi chibaya. Ingoma imavinidwa pa maukwati, polonga mafumu, pamisonkhano ya boma ndi pamwambo wa Umthetho, womwe bungwe la Mzimba Heritage Association limakonza m'mwezi wa Ogasiti patsinde pa phiri la Hora. Malinga ngati pali mfumu yolonga ndi mlendo wolandira, ingoma siingafe.

Vithokozo, ndakatulo zotamanda mafumu ndi mibadwo yawo, nazonso zili ndi malo ake pabwalo. Mlakatuli Lupenga Mphande, mwana wa ku Thoza kufupi ndi Embangweni, adazifufuza ndi kuzilemba, ndipo ndakatulo zake zomwe zimanunkhira mapiri ndi madambo a kwawoko.

Nyimbo zina zidathawira m'tchalitchi. Mmishonale Donald Fraser, yemwe adatsegula siteshoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, sadaletse maimbidwe a Chingoni monga ankachitira amishoni ena. Iye ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo ndipo ankachititsa mipikisano. Anthu ngati Mawelera Tembo ndi Peter Thole adatenga maimbidwe a makolo, ena a nkhondo, n'kuikamo mawu a uthenga wabwino. Nyimbo zimenezi zikuimbidwabe m'mipingo ya CCAP ya sinodi ya Livingstonia, ndipo zina zidamasuliridwa m'Chingerezi n'kulowa m'mabuku a nyimbo a kunja. Monga momwe makauboyi adabwerekera maimbidwe a ku Ireland, mpingo udabwereka a kuchibaya.

Koma nyimbo ya mbusa ilibe mfumu, ilibe mpingo, ilibe bwalo. Siivinidwa ndi zikopa, siikopa makamera. Idali ya ana, yoimbira ng'ombe, ndipo munthu akakula ankaisiya monga amasiyira kabudula wong'ambika. Ndiye chifukwa chake ikutha mwakachetechete.

Pomwe ng'ombe za Mzimba zidalowera kummwera

Ulendo wofanana kwenikweni ndi wa makauboyi udachitika kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo ndi nkhani yowawa.

Mliri wa ng'ombe wa rinderpest udasesa Africa kuchokera kumpoto, n'kudutsa kumpoto kwa dziko lino kumayambiriro kwa zaka zimenezo. Mu 1896 udawoloka Zambezi ndi kupululutsa ng'ombe za ku Southern Rhodesia, yomwe lero ndi Zimbabwe. Azungu a kumeneko adasowa nyama ndi ng'ombe zokoka ngolo, choncho maso awo adatembenukira kumakola a Angoni omwe adali atayamba kudzazanso.

Mu 1898 asilikali a Britain atagonjetsa Mpezeni, adalanda ng'ombe zikwizikwi. Kwa M'mbelwa kudabwera amalonda ogula ng'ombe pamtengo wolira, n'kumaziyendetsa pansi kupita kumsika wa ku Salisbury, womwe lero ndi mzinda wa Harare. Mmodzi mwa iwo, mzungu wotchedwa Ziehl, ankatenga ng'ombe mokakamiza ndi kuzunza anthu m'midzi, mpaka Angoni adatsala pang'ono kunyamula zishango. Fraser adalimbikira kuti nkhaniyi ipite kubwalo, ndipo mu 1899 mlandu udazengedwa ku Ekwendeni. Ziehl adapezeka wolakwa n'kulipitsidwa. Patangopita zaka zisanu, mu 1904, dziko la M'mbelwa lidalowa pansi pa ulamuliro wa Britain pamsonkhano wa mafumu ndi Alfred Sharpe.

Dzina la Ziehl lili m'mabuku. Maina a anyamata omwe ankayenda kumbuyo kwa ng'ombezo, kugona nazo patchire ndi kuwoloka nazo mitsinje, mulibe. Zomwe ankaimba usiku zidapita ndi mphepo. Umu ndi momwe nyimbo imafera: mwini wake ndi munthu wamba, ndipo wolemba amafika mochedwa.

Njira yomweyo ya kummwera idadzasanduka ya anthu. Amuna a ku Mzimba adayamba kupita kumigodi ya ku Zimbabwe, Zambia ndi Joni, ndipo kumeneko ndi komwe adakumana ndi makauboyi a pakanema. M'makomboni a migodi ya kopa ku Zambia mafilimu amenewa ankakondedwa zedi. Obwerera kumudzi ankabwera ndi zipewa, magitala ndi magalamafoni. Mphamvu ya mbale za galamafoni idaonekeranso ku Kenya, komwe mu 1950 katswiri wojambula nyimbo, Hugh Tracey, adapeza Akipsigis, omwenso ndi oweta ng'ombe, akuimba nyimbo yotchedwa Chemirocha, dzina lomwe lidachokera kwa woimba wa ku America, Jimmie Rodgers. Nyimbo yojambulidwa imawoloka nyanja. Yosajambulidwa imalephera kuwoloka ndi mtsinje wa South Rukuru womwe.

Chidatseka njira n'chiyani?

Ku Texas adali waya waminga ndi njanji. Ku Mzimba zifukwa n'zingapo, ndipo zambiri mwa izo si zoipa.

Choyamba ndi malo. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, koma anthu achuluka. Fodya ndi chimanga zidalowa m'malo omwe kale adali msipu, ndipo madambo adagawidwa kukhala madimba a tomato, anyezi ndi mbatata zomwe zimadzaza msika wa Jenda. Kumtunda, udzu wa m'mapiri a Viphya udabzalidwa paini, makamaka kuyambira mu 1964, mpaka nkhalango ya Chikangawa idafika mahekitala pafupifupi 53,000. Mbusa wa lero amayenda ndi ng'ombe m'tinjira topanikizika pakati pa minda, maso ali pa chimanga cha eni. Nthawi yokhala pachulu n'kumapeka nyimbo palibe.

Chachiwiri ndi sukulu. Maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, lamulo la zantchito la mu 2000 lidaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo lamulo la zamaphunziro la mu 2013 lidati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Palibe kholo lanzeru lomwe lingalire ndi zimenezi. Kubusa kudalanda anyamata ambiri mwayi wophunzira, ndipo mwana yemwe lero akugonabe ndi njala kumbuyo kwa ng'ombe za eni, anzake ali m'kalasi, ndi wofunika kumuwombola, osati kumuimbira nthungululu. Nyimbo siingakhale chifukwa chobwezera ana kudambo.

Chachitatu ndi dibi. M'zaka za Kamuzu kusambitsa ng'ombe kudali kokakamiza, ndipo tsiku la dibi linkasonkhanitsa makola a midzi yambiri. Abusa ankalawirira mbandakucha, nkhunzi zinkakumana, nyimbo ndi miluzu n'kumasinthanidwa. M'zaka za m'ma 1990 boma lidasiya kuyendetsa ntchitoyi monga kale ndipo madibi ambiri adaleka kugwira ntchito. Bwalo la abusa lidatha pomwepo.

Chachinayi ndi lole. Wogula ng'ombe masiku ano amatenga chikalata kwa alangizi a ziweto, n'kukweza ng'ombe zake m'galimoto. Ulendo womwe unkatenga masiku umatha m'maola ochepa. Kuopa akuba nakonso kwachititsa kuti anthu asamayende ndi ng'ombe mitunda italiitali kapena kugona nazo panjira. Ngakhale malowolo, omwe ankaona ng'ombe zikuperekezedwa kuchoka khola lina kupita lina, m'mabanja ambiri asanduka ndalama, nthawi zina zotumizidwa pafoni kuchokera ku Joni.

Ndipo mbusa yemwe watsala ali ndi foni m'thumba. Chete wa kudambo, yemwe ankabala nyimbo, wadzazidwa ndi nyimbo za ena.

Zomwe zidalembedwa zili kutali

Sikuti palibe adayesapo. Margaret Read adasindikiza nyimbo za Angoni mu 1937 m'magazini ya akatswiri ya Bantu Studies, m'Chingoni ndi m'Chingerezi. Mbusa wa mpingo Yesaya Chibambo adalemba mbiri ya mtundu wake, yomwe idatuluka m'Chingerezi mu 1942 pamutu wakuti My Ngoni of Nyasaland. Hugh Tracey adajambula nyimbo m'dziko muno mu 1950 ndi m'zaka zina zotsatira, ndipo zomwe adajambula zimasungidwa ku International Library of African Music, nkhokwe yomwe adaikhazikitsa mu 1954 ndipo lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa.

Koma alendo akafika pamudzi amalandiridwa ndi mfumu, ndipo mfumu imaitana akatswiri a gule, osati ana onunkha ndowe. Nthawi yomwe mlendo akujambula pabwalo, abusa amakhala ali kudambo. Kuonjezera apo, zomwe zidasungidwazo zili m'mabuku a Chingerezi ndi m'nkhokwe za kunja, kutali ndi mwana wa ku Mabulabo kapena kwa Mzikubola yemwe agogo ake ndiwo adaimba.

Dziko lino lidaonetsa kale kuti likafuna limatha. Vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka, adazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu. Izi zidatheka chifukwa padali anthu omwe adafufuza, kujambula ndi kulemba. Nyimbo zakubusa sizikufuna ulemu waukulu chotere. Zikungofuna wozimvetsera.

Ntchito ili m'manja mwa banja

Lomax ankanyamula chimakina cholemera. Lero foni yam'manja yotsika mtengo imajambula mawu bwino kuposa makina akewo, ndipo ili m'nyumba zambiri za pa Jenda, Embangweni, Mzimba boma ngakhale m'makomboni a ogwira ntchito ku Chikangawa. Chosowa si chida ayi, koma kudziwa kuti zomwe agogo amang'ung'udza akusema mpini ndi chuma.

Munthu yemwe adali ndi zaka 10 pomwe dziko lino linkalandira ufulu mu 1964 lero wapitirira zaka 70. Ameneyu ndi wa m'badwo womwe udakulira kubusa kwenikweni, dibi likugwira ntchito, madambo ali otambasuka. Zaka 10 kapena 15 zikubwerazi ndizo zatsala. Paja akulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Kafunsidwe kake n'kofunika. Mukati, "Agogo, tiimbireni nyimbo yachikhalidwe," adzakuimbirani ingoma kapena ya kutchalitchi, chifukwa ndizo amaziyesa nyimbo. Afunseni dzina la nkhunzi yomwe ankaikonda ali mwana. Afunseni kuti inkaoneka bwanji, idagonjetsa nkhunzi ya yani, ndipo ankaiuza chiyani ikamalimbana. Afunseni mluzu womwe ankaitanira ng'ombe kumadzi. Nyimbo idzatuluka yokha. Agogo aakazi nawo asatsale, pakuti m'mabanja opanda ana aamuna atsikana ankapita kubusa, ndipo alongo ankamva zonse zomwe abale awo ankaimba pobwera madzulo.

Mukajambula, tchulani dzina la woimba, mudzi, mfumu, chaka ndi yemwe adamuphunzitsa. Lembani mawuwo m'kope momwe akumvekera, kaya ndi Chitumbuka, Chingoni kapena zosakaniza, ndipo musawakonze. Mawu achipongwe a anyamata asiyeni momwemo. Tumizani kwa abale kuti foni imodzi ikatayika zisatayikire limodzi.

Aphunzitsi a Expressive Arts angathe kupatsa ana ntchito imeneyi patchuthi. Okonza mwambo wa Umthetho angathe kupatula kanthawi koti nkhalamba zipikisane pa miluzu ndi kutamanda nkhunzi, monga Fraser ankachitira ndi nyimbo za mpingo ku Loudon. Wailesi za m'madera, yunivesite ya Mzuzu ndi nyumba yosungira zinthu zakale ya mumzindawo zili ndi malo osungira zomwe mabanja angatolere. Oimba achinyamata omwe akusakasaka kamvekedwe kawokawo angapeze mgodi pamenepa, monga oimba a ku Texas adapezera m'buku la Lomax.

Ng'ombe sizidzayendanso pansi kuchoka ku Mzimba kupita ku Harare, ndipo palibe akufuna kuti ana abwerere kulaweni. Njira idatsekeka ndipo siidzatsekukanso. Ku America nako idatsekeka, koma nyimbo zidatuluka njirayo isadamere udzu. Kwathu kuno udzu wayamba kale kumera, koma eni nyimbo ena akadalipo, akuwothera dzuwa pakhonde. Ambiri aiwala chaka chomwe adabadwa, koma dzina la nkhunzi yawo yoyamba akulikumbukira. Chatsala n'choti wina awafunse.